MUSANAKUMBE MAZIKO A MDADADA, YAMBANI MWAWERENGA

Alimi anzanga a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, nyengo ya misika ikafika, ndalama za thonje ndi za mpunga zikayamba kulowa m'manja mwanu, funso limene ife alangizi timalandira kawirikawiri limakhala la nyumba. Wina amati, "Alangizi, ndinapeza poloti pa Golomoti pafupi ndi msika. Kodi thonje la chaka chino lingandimangire mdadada wa makomo anayi?" Yankho langa limakhala limodzi nthawi zonse: tiyeni tiyambe takhala pansi ndi pensulo, khasu libwera pambuyo.

Mukamayenda mu msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, taponyani maso m'mbali. Mudzaona makoma ena olekezera pa windo, ena pa lintala, opanda denga, udzu utamera m'zipinda. Eni makomawo sanali aulesi ayi. Analima ndipo anagulitsa bwino, koma anayamba kumanga asanawerenge.

Mlimi wina wa m'dera langa anakolola thonje lochuluka chaka china. Atangolandira ndalama anakumba maziko a makomo asanu ndi limodzi, nalemba mmisiri wolipidwa pa tsiku. Pofika Okutobala makoma anali pa lintala ndipo ndalama zinali zitatha. Anapasula nkhokwe nagulitsa chimanga ndi mbuzi ziwiri, koma malata amene anagula sanakwane ngakhale theka la denga. Mvula itagwa analibe ndalama za mbewu ndi za mankhwala opopera thonje. Makoma anali omangira dothi, ndipo awiri anagwa mu Febuluwale, banja lonse lili pa ganyu m'minda ya anzawo. Bamboyu analuza nyumba, analuzanso ulimi wa chaka chathunthu. Nkhani ino ndalemba kuti zoterezi zisakuonekereni.

UBWINO WA MDADADA

Mdadada ndi nyumba zingapo zolumikizana pa mzere umodzi, denga limodzi, koma banja lililonse ndi khomo lake. Ubwino wake waukulu ndi wakuti khoma limodzi limatumikira mabanja awiri. Mukamanga nyumba zinayi zapazokha mufunika makoma am'mbali 8. Mukazilumikiza mufunika 5 okha. Makoma atatu opulumukawo, ngati lililonse ndi la mamita 6 m'litali ndi mamita 3 m'mwamba, ndi njerwa zopitirira 6,000, osawerengera maziko ake. Malo nawonso sawonongeka, chifukwa palibe mipata pakati pa nyumba.

Ubwino wachiwiri ndi umene ukhudza inu alimi kwambiri. Mdadada umatheka kumangidwa pang'onopang'ono, makomo awiri chaka chino, awiri ena chaka chamawa. Mlimi salandira malipiro pa mwezi. Ndalama zake zimabwera kamodzi kapena kawiri pa chaka, choncho nyumba yake iyenera kukula motsata zokolola.

YAMBANI NDI MALO

Musagule njerwa ngakhale imodzi musanatsimikize kuti malowo ndi anu. Malo ambiri kuno kwa Inkosi Kachindamoto ndi a mafumu. Lamulo la malo a mafumu la chaka cha 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndipo linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu. Lamulo lomweli lili ndi malire pa kagulitsidwe ka malo otere. Choncho musapereke ndalama kwa munthu pansi pa mtengo. Pitani kwa a nyakwawa, muitane abale a amene akukupatsani malowo ndi eni mapoloti oyandikana nawo, muyende nawo m'malire onse, ndipo zonse zilembedwe. Kenaka kafunseni ku ofesi ya malo ku khonsolo ya Dedza. Safunsa anadya phula.

Ku khonsolo komweko funsaninso za chilolezo chomangira. Lamulo la mapulani la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, ndipo nyumba ya lendi pa malo a malonda ngati Golomoti kapena Mtakataka siyenera kumangidwa mwachisawawa. Kumbukirani kuti msewu waukulu ngati M5 uli ndi malo ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Njanji ya sitima yodutsa kuno ndi mawaya akuluakulu a magetsi nazonso zili ndi malo ake. Womanga m'malo amenewa tsiku lina adzauzidwa kuti agwetse, ndipo asayembekezere chipukutamisozi.

Pali nkhani ina imene ambiri amachita nayo manyazi. Kuno mabanja ena ndi a chikamwini, ena ndi a chitengwa. Bambo akamanga pa malo a kwa mkazi wake, kapena mayi akathira thukuta lake pa malo a kwa mwamuna wake, mavuto amadza tsiku la maliro kapena ukwati ukatha. Kambiranani poyera lero, ankhoswe a mbali zonse alipo, ndipo ngati n'kotheka maina a nonse awiri alembedwe pa chikalata. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza wamasiye ndi ana kwa olanda chuma, koma chikalata chomveka bwino chimathetsa mlandu usanayambe.

ONANI NTHAKA NDI NJIRA YA MADZI

Poloti imaoneka yokongola mu Ogasiti. Nthawi yoiyendera ndi Febuluwale, mvula ili pakati. Dera lathu lili m'munsi mwa mapiri a Dedza, ndipo madzi onse a kumtunda amatsikira kuno kudzera m'mitsinje monga Livulezi, Nadzipokwe ndi Namikokwe pa ulendo wawo wa kunyanja. Funsani akuluakulu a pamalopo kumene madzi analekezera chaka cha mvula yambiri. Inu a kufupi ndi gombe musaiwale kuti mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri, madzi nalowa m'nyumba m'madera ambiri a m'mphepete mwake.

Kumbani dzenje lakuya mita imodzi pa ngodya ziwiri za poloti kuti muone dothi. Mukapeza makande, dothi lakuda lija limene limamata nthawi ya dzinja ndi kung'aluka mu Okutobala, dziwani kuti maziko anu adzadya ndalama zambiri. Makande amafufuma akanyowa ndipo amanyala akauma, motero amasuntha maziko ndi kung'amba makoma. Pa dothi lotere kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, chotsani makande onse a m'kati mwa zipinda, ndipo thiranimo miyala ndi mchenga n'kutsindira. Ngati pa poloti pali chulu, chikumbeni chonse ndi kuthirapo mankhwala a chiswe musanamange.

Dziwaninso kuti tikukhala m'chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi, ndipo chigwachi chimagwedezeka. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha kufupi ndi Salima chinapha anthu ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Patapita zaka 20, mu Disembala 2009, zivomezi za ku Karonga zinagwetsanso nyumba zambiri. Pambuyo pake boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Chachikulu m'malangizowo kwa womanga mdadada ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko. Amisiri ena amangoika lintala pa khomo ndi pa windo pokha. Musalole. Lambayu ndiye amamanga makoma onse kukhala mtolo umodzi.

PULANI YAKE

Tiyeni titenge chitsanzo cha mdadada wa makomo anayi. Khomo lililonse likhale ndi zipinda ziwiri, chochezera kumaso ndi chogona kumbuyo, chipinda chilichonse mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Nyumba yonse idzakhala ya mamita 13 m'litali ndi mamita pafupifupi 6 ndi theka m'lifupi. Popeza kuno kumatentha, makoma akhale a mamita 3 m'mwamba, ndipo khomo lililonse likhale ndi windo kumaso ndi kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Ngati poloti ilola, kumaso kwa nyumba kuyang'ane kumpoto kapena kummwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo liziwomba makoma am'mbali opanda mawindo.

Pansi pa nyumba pakwere masentimita 30 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka. Denga litulukire kunja masentimita 60 mbali zonse kuti mvula isamenye makoma. Mukapita pa Mishoni ya Mua, yomwe inayamba mu 1902, taonani nyumba zakale za pamenepo. Anazimanga pa malo okwera ndipo anazipatsa makonde otchinga makoma ku mvula ndi ku dzuwa.

Makoma olekanitsa mabanja akwere mpaka kukhudza malata. Khoma lolekezera m'njira limadutsitsa phokoso, utsi, mbava ndi moto, ndipo anthu a lendi sakhalitsa m'nyumba yotere. Pa pulani yomweyo ikani zimbudzi, mabafa, pophikira ndi dzenje la zinyalala. Ine ndimalangiza chimbudzi chimodzi pa makomo awiri alionse. Chikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime kapena pa mjigo, ndipo pa dothi la mchenga dzenje lake limangidwe ndi njerwa kuti lisagumukire. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Mabanja anayi pa poloti imodzi popanda zimbudzi zokwanira n'kuitana matenda.

KUWERENGA ZIPANGIZO

Tsono tengani kope. Ziwerengero zili m'munsizi ndi za chitsanzo chathu, ndipo n'zoyerekeza. Mmisiri wanu aziwerengenso molingana ndi chikombole chanu ndi dothi la pa poloti yanu.

Njerwa. Khoma la mainchesi 9 limadya njerwa pafupifupi 120 pa chigawo cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'mwamba. Khoma lopyapyala la mainchesi 4 ndi theka limadya 60. Makoma akumaso ndi kumbuyo pamodzi ndi am'mbali asanu aja ndi mamita 56. Tikawonjezera nsonga zofika ku denga n'kuchotsa mipata ya zitseko ndi mawindo, afuna njerwa pafupifupi 20,600. Makoma opyapyala olekanitsa chipinda chochezera ndi chogona afuna 1,700. Maziko afuna 6,100. Zonse pamodzi ndi 28,400. Pa njerwa 10 zilizonse wonjezerani imodzi, chifukwa zina zimasweka pa ngolo ndipo zina sizipsa. Choncho konzekerani njerwa 31,000. Ngati mumangira mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba, makoma a pamwamba pa maziko afuna mabuloko pafupifupi 2,500.

Simenti. Pali malo atatu pamene simuyenera kuumira. Maziko, ndiye kuti konkire ya pansi pa ngalande ndi njerwa zomangidwa pamwamba pake, afuna matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 42. Lamba uja afuna 17, pamodzi ndi zitsulo za mamita 12 zokwana 22 ndi waya womangira. Pansi pa zipinda zonse 8 pafuna matumba 24. Pamenepa tafika pa matumba 83. Mukafuna kumangira makoma onse simenti, wonjezerani matumba 55, ndipo pulasitala wa m'kati ndi kunja ndi matumba enanso 35. Ambiri amamangira makoma dothi pofuna kuchepetsa mtengo. Makoma otere ndi ofooka, ndipo sayenera kugona dzinja ngakhale limodzi opanda denga. Pakati pa maziko ndi khoma yalani pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere.

Denga. Lata limodzi likaphatikizana ndi linzake limafunda pafupifupi masentimita 66 mpaka 70. Denga lathu ndi la mamita 14 ndi theka m'litali, choncho mbali imodzi ifuna malata 22, mbali ziwiri 44, a mafiti 14 lililonse. Wonjezerani malata a pamsonga 9, misomali ya malata, misomali ya matabwa, matabwa enieniwo ndi mankhwala owapaka kuti chiswe chisawadye. Pogula malata yang'anani geji. Nambala ikamakula, lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32. Matabwa a denga amangiriridwe ku lamba ndi waya wolimba. Mphepo ya mvula yoyamba ndi mwera wa kunyanja zimasasula madenga ongokhomera pamwamba pa njerwa, ndipo pa mdadada denga likapita, mabanja anayi amagona panja usiku umodzi.

Zotsala. Zitseko 8 ndi mafelemu ake, mawindo 8, maloko, mahinjesi, sefa wotchinga udzudzu, laimu kapena penti. Musaiwale zinthu zimene anthu amati n'zaulere pamene si zaulere: mchenga, miyala ya konkire, madzi, ngolo kapena galimoto yotuta, ndi chakudya cha antchito. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7 kuti ilimbe, ndipo mu Sepitembala madziwo amachokera kutali.

SANDUTSANI MAKWACHA KUKHALA MATUMBA

Mitengo sindikulemberani, chifukwa ingasinthe nkhani ino isanakufikeni. Mukukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za malata pansi pa mphasa anadzuka zitachepa mphamvu. Chitani izi: funsani mtengo wa chinthu chilichonse m'masitolo atatu, monga pa Golomoti, ku Salima ndi ku Dedza kapena ku Balaka, ndipo muphatikizepo mtengo wonyamulira. Lembani mtengowo m'kope, ndipo pambali pake lembani kuti ndi matumba angati a mpunga kapena makilogalamu angati a thonje pa mtengo umene munagulitsira chaka chino. Pa chiwonkhetso chonse wonjezerani K15 pa K100 iliyonse, ya zogwa mwadzidzidzi.

Mukatero mudzadziwa kuti nyumba yanu ndi ya matumba angati. Funso lotsatira ndi lakuti munda wanu umatsala ndi matumba angati pa chaka. Ndalama za zokolola zigawidwe motere, ndipo ndondomeko yake isasinthe.

Choyamba, chakudya. Werengani matumba a chimanga amene banja lanu linadya chaka chatha kufikira kukolola, muwaike padera. Chachiwiri, ngongole ya mbewu, feteleza kapena mankhwala imene munatenga ku kalabu kapena kwa ogula mbewu. Chachitatu, zipangizo za ulimi wa chaka chikubwerachi pamodzi ndi ndalama za aganyu opalira. Chachinayi, fizi, yunifolomu ndi kangachepe ka matenda. Zotsala pamenepo ndizo za nyumba. Ngati nyumba ndi ya matumba 150 ndipo inu mumatsala ndi 50 pa chaka, ndiye kuti ndi nyumba ya zaka zitatu mvula ikamagwa bwino. Vomerani zimenezo ndipo konzani ntchito ya zaka zitatu kapena zinayi.

Munda ndiwo ukumanga nyumbayo. Mlimi wogulitsa ng'ombe za pa ngolo, kapena wobwereketsa munda wake wa mu sikimu ya Bwanje kuti agule simenti, wadula mtengo umene umamupatsa zipatso. Za katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Nyumba yosatha sibweza ngongole. Ngongole ya banki mkhonde ingathandize kumalizitsa chitseko kapena windo pamene wa lendi ali kale pakhomo, koma si yoyambira maziko.

Ndalama za nyumba zikapezeka, zisandutseni katundu msanga. Malata, zitsulo, misomali, mafelemu ndi njerwa zakupsa zimasungika chaka ndi chaka pa malo ouma. Simenti sasungika. Mugule ntchito yake itayandikira, mumuike pa matabwa osati pa dothi, ndipo asapitirire miyezi itatu.

NTCHITO YA ZAKA ZITATU

Chaka choyamba: malizani za malo ndi chilolezo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umbani njerwa, pamene madzi akadalipo ndipo ntchito ya kumunda yachepa. Kumbani ndi kumanga maziko a makomo onse anayi nthawi imodzi, kuti nyumba idzakhazikike mofanana. Mangani chimbudzi chimodzi. Ndalama zikatsala gulani malata. Maziko omangira simenti saopa dzinja.

Chaka chachiwiri: kwezani makoma a makomo awiri okha, thirani lamba, folerani, ikani zitseko ndi mawindo. Kumapeto kwa makoma akumaso ndi kumbuyo mmisiri asiye njerwa zotulukira ngati mano, ndiponso zitsulo za lamba zitulukire pang'ono, kuti gawo lachiwiri lidzalumikizike bwino. Lamulo lake ndi ili: musakweze khoma limene malata ake simunagule kale. Denga likhale litatha pofika kumapeto kwa Okutobala, chifukwa mu Novembala manja anu ndi ndalama zanu zikufunika kumunda.

Chaka chachitatu: malizani makomo awiri otsalawo, chimbudzi chachiwiri, pulasitala ndi khonde. Pa nthawiyi makomo awiri oyamba aja akhala akubweretsa ndalama za lendi, kapena banja lanu likukhalamo kale.

Chaka cha chilala kapena cha mitengo yoipa, imani. Palibe manyazi kudikira ndi maziko abwino ndi malata ali m'nyumba.

MMISIRI WANU

Musalembe mmisiri chifukwa ndi mlamu wanu. Kaoneni nyumba ziwiri zimene anamanga zomwe zapirira madzinja angapo, ndipo mucheze ndi eni ake iye palibe. Gwirizanani mtengo wa gawo lililonse, osati wa tsiku: maziko mtengo wake, kufika pa windo mtengo wake, lamba, denga, pulasitala, chimodzimodzi. Lembani pa pepala pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge lake. Lipirani gawo likatha, ndipo sungani K10 pa K100 iliyonse mpaka mvula yoyamba itayesa dengalo.

Zipangizo gulani nokha. Simenti atuluke m'nyumba mwanu m'mawa, ndipo madzulo muwerenge mapepala a matumba amene atsegulidwa. Tsiku lothira konkire ya maziko ndi tsiku lothira lamba mukhalepo inu kapena akunyumba kwanu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Konkire ya maziko ndi muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala. Ya lamba ndi umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Muyeso ukhale ndowa imodzi yomweyo, osati fosholo.

ZA NKHUNI ZOWOTCHERA NJERWA

Uvuni wa njerwa 31,000 umadya mitengo yambiri. Nkhalango ya Mua-Livulezi ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango litakonzedwa mu 2020 zilango zake zinakula. Mitengo ya m'mapiri amenewa ndiyo imachepetsa liwiro la madzi otsikira m'minda yathu ndi m'mapoloti athu omwewa. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, choncho pokatenga chilolezo funsani ngati mdadada wanu ukukhudzidwa.

Njira zina zilipo. Mabuloko a simenti amaoneka odula pogula, koma amamangika msanga ndipo amadya matope ochepa. Pali njerwa zotsindira pa makina, za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zosafuna moto. Inu oyandikira zigayo za mpunga wa ku Bwanje, mankhusu a mpunga amawotcha njerwa, ngakhale amachedwa kuposa nkhuni. Werengani njira zonse m'kope musanasankhe.

KODI ADZAKHALAMO NDANI?

Musanamange nyumba ya lendi, yendani muone amene akuchita lendi m'dera lanu ndi ndalama zimene amalipira. Aphunzitsi, antchito a chipatala cha Mua, apolisi a ku Mtakataka ndi amalonda okhazikika pa msika amakhalitsa. Ogula mbewu amabwera nyengo ya misika yokha. Ntchito zikuluzikulu, monga ija yomanga malo opangira magetsi a dzuwa pa Golomoti amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, zimabweretsa anthu ofuna nyumba kwa kanthawi, ndipo ntchito ikatha amapita. Musawerengere anthu otere pa ndalama za zaka khumi.

Powerenga phindu, chaka chikhale cha miyezi 10, chifukwa miyezi ina khomo limakhala lopanda munthu ndipo ena amachedwa kulipira. Lendi ya mwezi umodzi pa chaka muisungire kukonza zowonongeka. Gawani mtengo wonse wa nyumba ndi ndalama zotsalazo, ndipo mudzaona zaka zimene nyumbayo idzatenge kuti ibweze ndalama zanu. Ngati poloti ili kutali ndi msika, sukulu ndi mjigo, mwina n'kwanzeru kumanga makomo awiri okha.

KWA INU A M'MAESITETI

Inu amene mumalima m'maesiteti mukudziwa kuti nyumba imene mukugonamo si yanu. Lamulo la ntchito litakonzedwa mu 2021 linathetsa utenanti wakale uja, koma ngakhale wolembedwa ntchito ya malipiro, tsiku lochoka pa esiteti amasiya nyumba pomwepo. Ndalama zanu zimabwera pamodzi kumapeto kwa nyengo, ndipo zimatha msanga pa ulendo wa kumudzi. Musanalandire, lembani kale zimene mukagule. Pezani malo kwanu m'dzina lanu, gulani malata ndi zitsulo tsiku lomwelo, ndipo musatumize ndalama kwa mbale kuti akumangireni inu kulibe. Mangani pa miyezi imene muli kumudzi. Khomo loyamba la mdadada likhale lanu, ena adzabwera pambuyo.

Alimi anzanga, misika ya chaka chino isanatseke, gulani kope limodzi la nyumba yokha. Pa tsamba loyamba jambulani poloti ndi malire ake. Pa lachiwiri lembani zipangizo ndi mitengo yake. Pa lachitatu lembani matumba amene mwakolola, amene banja lidye, ndi amene atsale. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu muwerenge limodzi, kenaka bwerani nalo kopelo kwa mlangizi wa dera lanu tsiku la msonkhano wa kalabu kuti tidzaonere pamodzi musanaitane mmisiri.